Katswiri amene anadziwa polekezera

Mawu amene anayankhula membala mnzathu, mlimi, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi

 Nonse mumandidziwa. Ndine mlimi wa chimanga ndi mbatata ya kachewere, sukulu ndinalekezera kinta kalasi. Masiku onse ndikaimirira pano ndimakamba za feteleza kapena za mitengo ya mbewu pamsika. Lero ayi. Lero ndabwera ndi nkhani ya mpira wa basiketi, ya munthu wina wa ku America dzina lake Larry Bird. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka, mukuti iwe wa khasu m'manja, basiketi unaionera kuti? Dekhani, ndikuuzani m'mene nkhaniyi inandipezera.

Paja mukukumbuka kuti ndili mnyamata ndinkasewera mpira wamiyendo, ndipo sikudzitama ayi, kutsogolo kuja ndinkavuta. Bondo litandikana, akuluakulu a m'mudzi anandipatsa anyamata ang'onoang'ono kuti ndiziwaphunzitsa. Mumtima ndinati iyi ndi ntchito yosavuta, mpira ndikuudziwa. Tinayamba ndi ana 22. Pofika nyengo yokolola anatsala 8. Chinawathamangitsa ndi pakamwa pangapa. Mwana akaphonya chigoli ndinkamukalipira, ndimvekere, “Iwe, ine pamenepo sindikanaphonya!” Tsiku lina mwana wa mlongo wanga weniweni anavula malaya a timu, kuwaika pansi, n'kundiuza kuti, “Amalume, ziseweranitu nokha.” Basi anapita.

Ndinakadandaula kwa aphunzitsi ena a ku sekondale, amene anasewerako basiketi ali pasukulu ku Tete. Iwo sanandidzudzule. Anangoti, “Achimwene, khalani pansi ndikuuzeni za munthu wina.” Lamlungu lililonse kwa mwezi wathunthu ndinkapita kwawo madzulo. Ankandionetsa mafilimu pa foni, kundiwerengera, n'kumandimasulira. Zimene ndinatolako ndi zimene ndikugawireni lerozi.

Poyamba ndifotokoze masewerawo, chifukwa ambiri kuno timangowamvera pa wailesi. Basiketi ndi mpira wamanja. Mbali iliyonse kumakhala anthu 5. Chigoli chake ndi chitsulo chozungulira ngati nkhata, chokhala ndi ukonde, chopachikidwa mamita 3 ndi masentimita 5 kuchoka pansi. Ukaponya uli pafupi mpira n'kulowa, mapointi ndi 2. Ukaponyera patali, kuseri kwa mzere wina, mapointi ndi 3. Ligi yaikulu kuposa zonse ili ku America, amaitchula kuti NBA, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 82 pa chaka isanafike pa mpikisano wochotsana wolimbirana chikho. Tangoganizani thupi la munthu pamenepo.

Larry Bird anabadwa pa 7 Disembala 1956 m'chigawo cha Indiana. Anakulira m'katawuni kakang'ono kotchedwa French Lick, ka anthu pafupifupi 2,000 basi, kozunguliridwa ndi minda. Ife timaganiza kuti ku America aliyense ndi wolemera. Ayi ndithu. Kwawo anabadwa ana 6 ndipo umphawi unalipo. Mayi ake, a Georgia, ankagwira ntchito ziwiri kuti ana adye. Bambo ake, a Joe, anamenyako nkhondo ya ku Korea, anabwerako ndi mtima wosweka, ndipo mowa unawagwira. Banja linatha. M'chaka cha 1975 bambowo anadzipha, Larry ali ndi zaka 18.

Chaka cha 1974, maliro aja asanagwe, mnyamatayu anali atatengedwa ndi yunivesite yaikulu ya Indiana, kumene kunali kochi wotchuka dzina lake Bob Knight. Kochi ndi uja kuno timati treinadori. Koma Larry sanathe ngakhale mwezi umodzi. Anthu anali ochuluka, anzake anali ndi zovala ndi ndalama, iye analibe. Ananyamuka kubwerera kwawo. Anthu a kwawo anakhumudwa, anati mwana uyu wataya mwayi. Iye analowa ntchito ya boma la tawuniyo: kutola zinyalala pa galimoto, kutchetcha udzu, kupaka penti mabenchi. Munthu wamtali mamita 2 ndi masentimita 6, akunyamula zinyalala za anthu m'mawa uliwonse.

Kochi wina wothandizira, Bill Hodges, anamulondola kwawoko mpaka anamukopa kuti akayesenso pa yunivesite yaing'ono, Indiana State. Kumeneko ndiye kunamuyanja. M'chaka cha 1979 katimu kosadziwikako kanapambana masewero 33 otsatizana, n'kudzagonja pa fainali kwa timu ya Michigan State, imene inali ndi mnyamata wina woseka nthawi zonse dzina lake Magic Johnson. Dzina limeneli lisungeni, tikumana nalonso.

Chaka chomwecho Bird anayamba kusewerera Boston Celtics mu NBA. Iye asanafike, timuyo inali itapambana masewero 29 okha pa 82 aja. Chaka chake choyamba inapambana 61. Anatenga nayo chikho katatu: 1981, 1984 ndi 1986. Anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi zaka zitatu zotsatizana, 1984, 1985 ndi 1986. Pa foni paja ndinadabwa. Munthuyo sathamanga kwambiri, sadumpha kwambiri. Koma amaona kumene mpira ukupita anzake asanaone, ndipo akauponya ngati wauika ndi dzanja m'dengu. Ankafika pabwalo anzake asanabwere, n'kumaponya yekhayekha maola ambiri. Zinali ngati mlimi uja amalawira kumunda mame asanakamuke: pokolola anthu amati ali ndi mankhwala, chonsecho ndi thukuta.

Tsono tamvani chimene chinamugwetsa. M'chaka cha 1985, ali katswiri wa dziko lonse, ndalama zili tho, anapita kwawo pa tchuthi n'kuyamba kukonza kamsewu kolowera kunyumba ya mayi ake. M'malo molemba aganyu, anatenga fosholo yekha n'kumawola miyala. Msana unapweteka. Kuyambira pamenepo msanawo sunamusiyenso. Zaka zake zomaliza, akatuluka m'bwalo sankakhala pa mpando ngati anzake, ankagona chafufumimba pansi kuti ululu uchepe. M'chaka cha 1991 anamupanga opaleshoni ya msana. Ife alimi ululu wa msana timaudziwa, palibe chotifotokozera.

M'chaka cha 1992, chaka chomwe chija cha chilala ndi kusainirana mtendere wa dziko lathu ku Roma, Bird anapita ndi timu ya America ku masewero a Olimpiki ku Barcelona. Munali Michael Jordan, munali Magic Johnson. Masewero awo oyamba anakumana ndi abale athu a ku Angola, n'kuwagonjetsa 116 kwa 48. Anatenga mendulo ya golide. Atangobwerako, mwezi wa Ogasiti, Bird analengeza kuti wasiya kusewera. Anali atasewera zaka 13 ndipo anali ndi zaka 35, msinkhu wangawu.

Apa ndiye pafika nkhani imene aphunzitsi aja ankafuna ndimve. Anthu timaganiza kuti wodziwa kusewera ndiye wodziwa kuphunzitsa. Sizili choncho. Magic Johnson uja, katswiri wofanana ndi Bird, anayesa ukochi pa timu yake ya Los Angeles Lakers m'chaka cha 1994. Anatsogolera masewero 16, anapambana 5, anagonja 11, n'kusiya. Vuto la katswiri ndi loti zimene iye amachita mosavuta, amaona ngati aliyense angachite. Mwana akalephera, iye amati ndi ulesi kapena mwano. Aphunzitsi atanena zimenezi ndinayang'ana pansi, chifukwa ankanena ine.

M'chaka cha 1997 timu ya kwawo, Indiana Pacers, inamuitana Bird kuti akhale kochi wamkulu. Anali asanaphunzitseko timu iliyonse, ngakhale ya ana a sukulu. Chaka cham'mbuyo timuyo inali itapambana masewero 39, kugonja 43, ndipo sinalowe n'komwe mu mpikisano wa chikho. Ambiri ankati mkuluyu achita manyazi ngati mnzake uja. Koma iye anachita zinthu zitatu zimene ndikufuna muzimvetse.

Choyamba, anavomera kuti pali zimene sakuzidziwa. Anatenga omuthandiza awiri. Wina anali Dick Harter, mkulu wachikulire amene anakhala kochi zaka zambiri, ameneyu anamupatsa ntchito yophunzitsa kutchinga. Wina anali Rick Carlisle, amene anasewera naye ku Boston, wosewera wamba amene nthawi zambiri ankakhala pa benchi. Ameneyu anamupatsa ntchito yokonza njira zogoletsera. Masewero akaima kuti timu ikambirane, kawirikawiri Bird ankasiya omuthandizawa kuti ajambule njira pa bolodi ndi kufotokozera osewera, iye ali chilili akumvetsera, anthu onse akuona. Taganizani, katswiri wa zikho zitatu kupereka choko kwa munthu amene kale ankamudikirira pa benchi. Sanaope kuti anthu anena kuti kochi weniweni ndi winayo. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ambirife mwambiwu timaunena pakamwa pokha, udindo tikaupeza denga timafuna kusenza tokha.

Chachiwiri, sankakalipa, koma mawu ake sankabwerera. Makochi ambiri a basiketi amakuwa masewero onse, mitsempha ili tolotolo m'khosi. Bird ankakhala phee. Iye anali atasewerapo, ankadziwa kuti munthu amene waphonya amadziwa yekha kuti waphonya, safunika wina womukumbutsa. Koma pa nkhani ya nthawi analibe chibale. Atangoyamba ntchito, timu ikunyamuka pa ndege kupita ku masewero okonzekera ligi, osewera awiri, Dale Davis ndi Travis Best, anachedwa pang'ono. Bird analamula kuti ndege inyamuke. Anyamatawo anatsala, anadzipezera okha njira. Sikuti anali osewera achabechabe, anali ofunika pa timu. Kuyambira tsiku limenelo aliyense anadziwa kuti lamulo ndi limodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Panalinso wosewera wina, Jalen Rose, amene kochi wakale sankamukhulupirira, masewero ambiri ankangokhala pa benchi. Bird anamupatsa mpata pang'onopang'ono, osamutaya akalakwitsa. M'chaka cha 2000 Rose analandira mphoto ya wosewera amene wakwera kuposa onse mu ligi. Munthu yemweyo, manja omwewo. Chinasintha ndi amene ankamuyang'anira.

Zipatso zake zinaoneka msanga. Chaka choyamba timu ija ya masewero 39 inapambana 58, kugonja 24, ndipo Bird anasankhidwa kukhala kochi woposa onse wa 1998. Mu mpikisano wa chikho anakumana ndi Chicago Bulls ya Michael Jordan. Kumeneko timu ziwiri zimasewera mpaka ina ipambane kanayi. Anakokanakokana mpaka masewero a nambala 7, ndipo Pacers inagonja 88 kwa 83. M'chaka cha 1999 anafikanso pakhomo pomwepo, n'kuchotsedwa ndi New York Knicks. M'chaka cha 2000 ndiye anabowola, Pacers inalowa mu fainali ya NBA koyamba m'mbiri yake. Anakumana ndi Lakers ya Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, anagonja masewero 4 kwa 2. Sindikubisirani, ngati kochi chikho sanachigwire. Koma zaka zitatuzo anapambana masewero a ligi 147, kugonja 67.

Chachitatu ndi chimene chinandisowetsa tulo. Tsiku loyamba kulandira ntchito, Bird ananeneratu kuti akhala zaka zitatu basi. Maganizo ake anali akuti pakatha zaka zitatu osewera amazolowera mawu a kochi, amamva ndi makutu koma mumtima sizilowanso. Kwathu kuno timati tsabola wakale sawawa. Chabwino, kulonjeza aliyense amalonjeza. Koma taonani pamene iye anafika: timu yangochoka kumene mu fainali, anthu akumuimbira m'manja, malipiro ndi aakulu, aliyense akuti yesaninso chaka chimodzi mwina chikho chibwera. Iye anati ndinanena zitatu, zitatu zakwana. Anatula pansi udindo m'chaka cha 2000. Analinso ndi vuto la mtima wogunda mosalongosoka, limene analiulula yekha, ndipo ntchito ya ukochi ndi yosautsa mtima. Koma malirewo anali atawaika kale, zinthu zisanakome kapena kuipa.

Ndikudziwa ena mwa inu muti, kodi ndiye kuti aliyense azichoka pakatha zaka zitatu? Ine sindikutero. Aphunzitsi aja anandiuzanso za Gregg Popovich, amene anatsogolera timu ya San Antonio Spurs kuyambira 1996 mpaka 2025 n'kutenga zikho 5. Anthu timasiyana. Chimene ndikunena ndi chakuti Bird ankadzidziwa. Ankadziwa kuti mawu ake amafika pati, thupi lake limafika pati, ndipo sanadikire kuti ena amuuze kapena amukankhe.

Kuchoka kwakeko sikunali kuthawa ntchito. M'chaka cha 2003 anabwerera ku Pacers ngati mkulu wa ku ofesi, wosankha osewera ndi makochi, ndipo m'chaka cha 2012 anasankhidwa kukhala woyendetsa timu woposa onse. Ndi munthu yekhayo mu NBA amene analandira zonse zitatu: wosewera woposa onse, kochi woposa onse, ndi woyendetsa timu woposa onse. Mpando umenewo anausiya m'chaka cha 2017. Nanga Rick Carlisle uja, wa pa benchi, amene anamupatsa choko? Anadzakhala kochi wamkulu, anatenga chikho ndi Dallas Mavericks m'chaka cha 2011, ndipo m'chaka cha 2025 anafikitsanso Pacers yomweyo mu fainali. Mpata umene Bird anamupatsa m'chaka cha 1997 unabala zipatso zaka zambiri m'tsogolo.

Tsono ndibwerere ku bwalo lathu la fumbi lija. Nditamva zonsezi ndinayamba ndi chovuta kwambiri: ndinapita kwa mlongo wanga kukapepesa mwana. Mudziwa inu kulemera kwake kuti malume apepese mphwake. Mwanayo anangoyang'ana kumbali, koma Loweruka anabwera.

Kenako ndinadzifunsa kuti kodi ine sindidziwa chiyani? Ine ndinali wakutsogolo. Za kumbuyo ndi za pagolo sindizidziwa, ndinkangonamizira. M'mudzi mwathu muli bambo wina wachikulire amene anali goloboyi ku Malawi nthawi ya nkhondo, ali kothawa. Zaka zonsezi ankangokhala pansi pa mtengo kuonerera ana akusewera, palibe anamufunsapo kanthu. Ndinapita kukawapempha. Anaseka, anati, “Mwana wanga, ndimayesa suzabwera.” Lero otchinga kumbuyo ndi a pagolo ali m'manja mwawo, ndipo akamayankhula ine ndimatseka pakamwa. Safunsa anadya phula.

Za nthawi tinagwirizana kuti tikati 3 koloko ndi 3 koloko. Tsiku lina tikupita kukasewera kumudzi woyandikana nawo, mnyamata wathu wogoletsa kwambiri anachedwa. Mtima unandigunda, ndinafuna kudikira. Ndinakumbuka ndege ija. Tinakwera njinga kumapita. Tinagonja 2 kwa 0, ndipo ena mwa inu munandinena, ndinamva. Koma kuyambira tsiku lija palibe mwana amene wachedwanso. Kukalipa sindinasiyiretu, ndisaname pamaso pa amfumu, lilime ndi lilime. Koma ndikamva mawu aja akuti “ine sindikanaphonya” akukwera kukhosi, ndimawameza. Ana amene analipo 8 tsopano alipo 19.

Chotsala ndi chachitatu chija, ndipo ndachinenera pano dala kuti mukhale mboni zanga. Ndakhala ndi anawa chaka chimodzi. Zatsala ziwiri. Zikakwana ndidzatula, kaya tikupambana kaya tikugonja. Pali mnyamata wina wamkulupo amene ndayamba kale kumupatsa wezulo kuti aziyendetsa masewero olimbitsa thupi. Mpira sausewera bwino kwenikweni, koma ana amamumvera, ndipo amaona zimene ine sindiona. Tsiku limenelo likadzafika, mukadzandiona ndikuzengereza, ndikuti anthu akundifunabe, mudzandikumbutse mawu a lerowa.

Inunso abale anga, ambiri muli ndi maudindo: ena ku komiti ya mjigo, ena ku gulu la alimi, ena kumpingo, ena pakhomo pomwe pamene mukuphunzitsa mwana kupanga mizere. Sindikuloza munthu chala. Ndangoti ndikusiyireni mafunso amene aphunzitsi aja anandisiyira ine. Kodi chimene simuchidziwa mwamupatsa ndani kuti akuthandizeni? Kodi lamulo lanu limagwira mwana wanu monga limagwirira mwana wa mnzanu? Nanga amene adzatenge malo anu mwayamba kumuphunzitsa, kapena mukumuopa?

Loweruka likubwerali ana athu akusewera pabwalo la kusukulu, 3 koloko. Bwerani mudzaone. Koma musachedwe, chifukwa ife sitidikira munthu.